Ng'ombe Zathu Sizijomba Kutchalitchi

Dilu yonse yodzatibera anaipangira pa kachasu ku Lizulu. Ndikudziwa chifukwa wotcheza kachasuyo ndi mlamu wanga Sellina, ndipo makutu ake sapita kutchuthi.

Analipo atatu. Goliati, woonda ngati phesi, wodzitcha Jenerali. Elson ankamuti Injiniya, poti anakonzapo wailesi kamodzi, ndipo sinalirenso. Wachitatu Eliya, ntchito yake kuvomereza.

"Aise, Lamulungu onse amakhala kutchalitchi," anatero Jenerali. "Timanga ng'ombe zawo zomwe, kachewere pangolo yawo yomwe, kuwoloka msewu, basi tili ku Mozambiki. Apolisi azingotibayibitsa."

"Nzeru, bwana," anatero Eliya.

Kachewere ankanenayo si wogulitsa ayi, ndi mbewu. Malemu apongozi anga aamuna anaisenza pamutu kuchokera ku Angonia, nalima tsala m'munsi mwa phiri, pamene kasupe sauma ngakhale mu Okutobala. Miyala anazula okha, mapichesi anabzala okha. Chaka ndi chaka timasunga mbewu yomweyo. Ikapita, ana anga azidya mbiri ya agogo awo.

Chimene akatswiriwa sanafunse n'chakuti Bantomu ndi Jamani, ng'ombe zathuzo, Lamulungu lililonse zimakokera apongozi aakazi kutchalitchi, poti miyendo inawakana. Tsikulo mayiwo anali ku Kasinje kukaona mdzukulu, ife tinapita wapansi.

Akatswiri aja anamanga ng'ombe, analonga, anakwera pamwamba pa matumba ngati mabwana. Atafika pamphambano, belu lachiwiri la kutchalitchi linalira. Ng'ombe zinakhotera kumanzere.

"Injiniya, msewu uli uku! Khotetsa!"

"Chiwongolero palibe, mani!"

"Ndiye ponda buleki!"

Chikwapu chinalira, ng'ombe zinangowonjezera liwiro, poganiza kuti zachedwa. Kudumpha akanadumpha, koma aliyense ankaopa kusiyira anzake katundu. Ubale wa mbava ndi umenewo.

Ngolo inadzaima pakhomo penipeni pa tchalitchi, pomwe timatsitsira mayi. Kwaya inasiya nyimbo pakati. Tonse tinatuluka.

Jenerali anavula chipewa.

"Abusa, tabwera ndi chopereka cha masika."

"Aleluya!" anatero abusa, maso ali pamatumba. "Akulu ampingo, tsitsani!"

Apa ndiye ndinaona kuti mbewu yanga yapulumuka kwa mbava kuti ikathere kunyumba ya abusa. Ndinamanga chitenje, mwana kumsana, ndikukankha anthu.

"Pepani abusa. Matumbawo ndi anga, onani ndinasoka ndi ulusi wa juzi yofiira. Ngolo ndi yanga. Amene abwera ndi chopereka ndi Bantomu ndi Jamani, ndipo choperekacho ndi atatu ali pamwambawa. Tsitsani chimenecho."

Amayi amvano anali atazungulira kale ngolo, manja m'chiuno. Injiniya anayang'ana kumwamba, Jenerali anayang'ana pansi.

"Nzeru, mayi," anatero Eliya.