Masipanala a ba Cephas pa sikelo

Inu, tamverani za ba Cephas a ku Shikabeta, munthu wosafuna kusekedwa ngakhale ndi nkhuku.

Chinali chaka cha 1995, mitambo itayamba kuda. Anamwino a sikelo ya ana ankabwera kamodzi pa mwezi pa njinga yamoto, ndipo mvula ikangodula msewu, basi, osabweranso mpaka Epulo. Kamwana ka ba Cephas, Olipa, kanali katangochira chikuku, kataonda mpaka nthiti kuwerengeka. Ana otere ankalandira ufa wa soya. Koma tsikulo mkazi wawo Estina malungo anali atamugwetsa.

"Bambo ake Olipa, pitani ndinu. Musabwere opanda ufa."

Anapita ndi Olipa pa njinga yawo yakapalasa. Pansi pa mtengo wa mango amayi ali mbwee, mwamuna ndi iwo okha. Sikelo ili lende panthambi, mwana aliyense akamukoloweka namwino ankafuula makilo, anthu onse n'kumva. Kumbuyo kunayamba manong'onong'o.

"Taonani miyendo ya mwanayo, mayo! Kodi kwawo amadya?"

Ba Cephas magazi anawira. Iwo, mlimi wa chimanga wodziwika mpaka ku Mpanshya! Anazemba ngati akukakodzetsa mwana, anamasula kachikwama ka panjinga, masipanala atatu ndi pulayala n'kulonga m'thewera. Anabwerako akuimba likhweru.

Olipa atamukoloweka, muvi wa sikelo unathamanga. Namwino anayang'ana khadi, anayang'ana muvi, nkhope inasintha.

"Makilo awiri pa mwezi umodzi? Atangodwala chikuku? Atate, uku sikunenepa, mwana watupa. Ndikulemba kalata, mupite naye kuchipatala lero lomwe, akamugoneke."

"Ah, ba sisita, kwathu timangodya bwino..."

"Ngati mumadya bwino ndiye ufa mulibe nawo ntchito. Nyamukani!"

Apa ba Cephas zinthu zinawathina. Kuchipatala n'kutali, mkazi ali gone, ufa wapita. Mantha anawagwira zenizeni, pakuti kamwanako ankakakonda.

"Ba sisita," anatero chapansipansi, "tayang'anani m'thewera."

"Mwati bwanji? Kwezani mawu!"

Ba Cephas anabwereza mokweza, amayi onse akumva. Namwino anapisa dzanja m'thewera. Ngwe! sipanala. Ngwe! ina. Pamene inkatuluka pulayala, amayi anali akugubuduka pansi, wina mpaka kuiwala kuti akuyamwitsa. Anamuyezanso Olipa, muvi unaima pansi pomvetsa chisoni, ndipo kuseka kunazima kokha.

Namwino anatenga mapaketi awiri a ufa n'kuwaika m'manja mwa ba Cephas. Kenako anatola zitsulo zija, anazikoloweka pa sikelo, anawerenga mosaseka ngakhale pang'ono.

"Masipanala anu akukula bwino, atate, ndakuyamikirani. Manje kayambeni kudyetsa mwana."