Mmene a Sylvester Anasankhira Hotela ya ku Mauritius

Inu, sendezani mipandoyo kuno, nkhani iyi si yokambira patali. Mukuwadziwa a Sylvester a ku Tlhabane, aja a mimba yotsogola, oyang'anira lamba wonyamula miyala ku mgodi? Eya, amuna awo a Emelda, mayi a Junior. Ngati munafika ku Rustenburg kuno ndi kachikwama kamodzi, ndikulumbira chipinda chanu choyamba anakupezerani ndi iwowo. Pa nkhani ya zipinda za lendi munthu uja ndi dokotala. Amangogogoda khoma kamodzi n'kukuuzani kuti muno mumadontha nthawi ya mvula. Amangoyang'ana galu wa landilodi, basi adziwa kale mtima wa mwini wake.

Ndiye kontilakita amene amamugwirira ntchito anachita kamwambo, poti gulu lawo linatha chaka chathunthu popanda wovulala. Anaponya mayina m'chisoti, dzina lotoledwa n'kukhala la a Sylvester. Mphoto yake, tamverani: masiku asanu pa chilumba cha Mauritius, iwo ndi akazi awo, ndege, chakudya, zonse! Mapasipoti anali bwinobwino. Chinatsala n'chimodzi chokha. Lolemba, mayi wa muofesi, Mtswana wonenepa bwino wosakonda zoyankhula zambiri, anawapatsa kabuku ka mahotela atatu kuti asankhepo imodzi isanakwane 12 koloko Lachisanu. Ikangokwana opanda yankho, ulendo upita kwa amene anatoledwa kachiwiri, Lucky, mnzawo wa pa shifiti, amene alibe n'komwe mkazi woti apite naye.

Emelda atamva anagwada pakati pa bwalo, manja m'mwamba. Zaka khumi ndi zinayi akuchapa ndi kusita m'nyumba za mabwana m'tauni, madzulo n'kudzayambanso za kwawo.

"Masiku asanu osagwira mphika! Bambo a Junior, sankhani lero lomwe."

"Mayi a Junior, dekhani. Pogona sitisankha ngati tomato wa pamsika. Iyi ndi ntchito yanga."

Anakhala pa kreti panja, magalasi pamphuno, ife oyandikana nawo titawazungulira. Hotela yoyamba inali ya tinyumba ting'onoting'ono tofolera udzu, tomangidwa pa mizati pamwamba penipeni pa nyanja, madzi oyera mbee mpaka nsomba kumaoneka. Emelda anagwira pamtima.

"Iyo, bambo. Iyoyo."

"Udzu!" anakuwa a Sylvester. "Ine ndinachoka ku Chikwawa kudzalowa pansi pa nthaka kuti ndigule malata, lero ndikwere ndege kukagona m'nyumba ya udzu? Abale akumudzi akaona chithunzi ati chiyani? Ati a Sylvester zawavuta ku Joni!"

"Alamu, azungu amakonda zimenezo," anatero Safina, wa chipinda cha pafupi ndi mpopi.

"Azungu sanagonepo mumtengo masiku awiri pamodzi ndi mbuzi. Ife madzi osefukira anatipeza tili kumtunda, ndiye awa achita kuwatsatira dala! Iyi ayi."

Hotela yachiwiri inali yosanjikizana, yoyera, magalasi okhaokha. Lachiwiri ataweruka anaiimbira foni, atatsegula sipika kuti bwalo lonse liphunzire mmene amafunsira malo. Anayankha mtsikana wa mawu okoma ngati wa pa wailesi, a Sylvester n'kumulandira ndi Chingerezi cha mumgodi.

"Mita ya magetsi ndi yathu tokha kapena tigawana ndi ena?"

Mtsikana uja anati magetsi asawadandaulitse.

"Onse amayamba choncho," anatinong'oneza. "Nanga chimbudzi, mabanja angati?"

"Ndi chanu nokha, bwana, chili m'chipinda mwanu momwemo."

"Landilodi amakhala pompo? Chingwe choyanika zovala, tsiku lathu ndi liti? Geti mumatseka nthawi yanji?"

Mtsikanayo anayesetsa, inu, mwana wa eni ake. Koma zinafika pa kasitovu. A Sylvester anafunsa ngati angabwere ndi kasitovu kawo ka magetsi, iye anati kuphika m'chipinda n'koletsedwa, chakudya amaphika okha katatu patsiku. A Sylvester anatseka foni ndi dzanja.

"Mwamva? Landilodi wokuphikira ndi amene amafuna azidziwa nthawi imene walowa ndi imene watuluka."

Kenaka anamva kuti m'mawa uliwonse wantchito amalowa kudzayala bedi.

"Amalowa? Tili kunja? Ndiye kuti muli ndi kiyi wina! Chabwino, ndibwera ndi loko wanga, mungondibwereka hamala ndi misomali inayi."

Tinamva kuseka kwa anthu atatu kumbali inayo, foni n'kuduka.

"Wadula! Tisanalowe n'komwe ayamba kale mwano. Iyi ayinso."

Emelda anali pakhomo akusankha nyemba.

Inatsala imodzi, ya mpanda wautali ndi denga la matailosi. Imeneyi inawakomera, koma a Sylvester ali ndi lamulo lawo limene amatiphunzitsa tonsefe: chipinda sutenga usanachione, ndipo ngati uli kutali umatuma wakwanu akakuonere. Ndiye mukudziwa, Mmalawi sasowa paliponse. Anaponya uthenga m'magulu onse a pa foni, la mpingo, la maliro, la mpira, ndipo pofika Lachitatu madzulo anapezeka Malumbo, mnzake wa mlamu wa Safina, amene amasoka malaya pa fakitale ina ku Mauritius komweko.

Malumbo anapita Lachinayi ataweruka, ali mu ovolosi. Alonda a pa geti lalikulu atamuona anangoti uyu akufuna ganyu, n'kumulozera geti la kuseri. Ndiye vidiyo imene inafika ku Tlhabane, inu! Migolo ya zinyalala, amphaka asanu, mapaipi otuluka nthunzi, ndi bambo wina atakhala pa chidebe akusenda anyezi.

"Ndinanena!" a Sylvester anazungulira bwalo lonse akuonetsa aliyense. "Zithunzi za m'kabuku n'zonama! Mukanapita nokha mukanagona ndi amphaka!"

Pambuyo pa vidiyo panabwera mawu a Malumbo. "Akuluakulu, mukuvutikiranji ndi mahotela ngati mulibe abale? Dzafikireni kwathu kuno. Tilimo anyamata anayi, koma tiika katani pakati. Komanso tapukwa zakwathu, alamu adzatiphikireko nkhwani wotendera. Nsinjiro mubwere nazo."

A Sylvester misozi inalengeza. Ulemu wotere, kunja kwa dziko! Anathamangira m'nyumba kukawamvetsa akazi awo.

Emelda anamvetsera mpaka kumapeto.

"Tabwerezani pamene akuti nkhwanipo."

Anabwereza. Emelda anadzuka, n'kukoka pansi pa bedi chikwama chachikulu cha mizeremizere chija timatumizira katundu kumudzi.

"Mwayamba kale kulongedza? Ulendo ndi wa mwezi wamawa, mayi."

"Ichi n'cha basi ya Loweruka ya ku Blantyre. Ndiwoloke nyanja pa ndege kukaphikira anyamata anayi kuseri kwa katani? Mvetserani, bambo a Junior. Ulendowu ukapita kwa Lucky, kapena ukathera kwa Malumbo wanuyo, mukandipeza kwa amayi anga."

"Mukuwopseza ndani?"

Emelda anaika simbi m'chikwama. Anaikamo mapoto abwino aja, n'kusiya kamodzi kopanda chogwirira.

Lachisanu a Sylvester anali a shifiti ya masana, ndiye anadzuka mochedwa, mtima uli m'malo, akuti mkazi akapsa mtima amazizira yekha. Anapita kukasamba akuimba nyimbo ya kwaya. Pobwera anapeza dzuwa lili ngwee m'chipinda monse. Makatani achotsedwa! Inu amuna, ndikuuzeni lero: mkazi akalongedza zovala mukhoza kukambirana, koma akafika pa makatani thamangani.

Anathamangadi, ulendo wa ku ofesi kuja. Jekete la kutchalitchi pamwamba pa vesiti, kabuku m'manja, nthawi ili cha m'ma 11. Pa siteji anapeza takisi ili ndi anthu anayi okha, ndipo dalaivala, mukuwadziwa a kuno, anali atatsamira mpando akutokosa m'mano.

"Abwana, tiyeni, ndi nkhani ya banja!"

"Madala, galimoto iyi imayenda ikadzaza, osati banja likavuta."

Ndiye a Sylvester, dokotala wa zipinda, mkulu wa mpingo, anaima pamsewu n'kuyamba kuitanira. Anakokera agogo ena m'galimoto amene amangodutsa kupita kogula buledi. Ananyamulira mayi wina thumba la malalanje, thumba n'kuphulika, iwo n'kumathamangitsa malalanje mumsewu magalimoto akuwaimbira mahutala. Safina anawaona ndi maso ake, akuti lalanje lina analitsatira chokwawa mpaka pansi pa takisi.

Anafika pa ofesi nthawi itapitirira ndi mphindi khumi ndi zisanu, thukuta kamukamu, bondo la thalauza litang'ambika. Pa benchi ya panja panali Lucky, atavala kale magalasi akuda ndi malaya a maluwamaluwa.

"Madala, pepani kwambiri," anatero Lucky, mano onse pamtunda. "Ndikakutengereniko kamchenga m'botolo?"

A Sylvester anamudutsa osamuyang'ana, n'kukagwada pamaso pa mayi wa muofesi uja, maondo onse awiri, anthu akuona.

"Mma, ndichitireni chifundo. Wotchi yanu ikuthamanga. Ndipatseni iliyonse! Ya amphaka, ya mwano, ngakhale ya udzu, ndikagona! Mkazi wanga wachotsa makatani!"

Mayi uja anamaliza kaye kutafuna chimene amatafuna. Kenaka anatsegula kabati n'kutulutsa fomu yodzazidwa kale bwinobwino.

"Ntate, dzukani, mukutsekereza khomo. Akazi anu anabwera Lachiwiri m'mawa. Anasankha ya pamadzi ija, chipinda cha kumapeto kwenikweni. Kwangotsala kuti musayine apa."

"Lachiwiri?"

"Lachiwiri."

"Nanga kabukuka munandipatsiranji?"

"Chaka chilichonse timatero, Ntate. Amuna timawapatsa kabuku, akazi timawapatsa fomu."

A Sylvester anadzuka pang'onopang'ono, n'kusayina pamene chala chinaloza. Anapukuta thukuta, anakonza kolala ya jekete, n'kutuluka ngati munthu amene wangomaliza kugula mgodi wonse. Panja Lucky anali atavula magalasi aja, wamva zonse kudzera pawindo.

"Ndiye mwatenga iti, madala?"

"Ya pamadzi, mphwanga," anatero a Sylvester, akumusisita paphewa. "Zinthu izi zimafuna munthu wodziwa kusankha. Ukadzakwatira udzandipeze, ndidzakuthandiza."