Chisoti cha ku Joni ndi Mtsetse wa Gwetsangolo

LOLEMBA

Chisoti chafika! Njinga inafika kale sabata yatha, chisoti chinatsalira m'katoni ina. Zonse watumiza Madalitso, mwana wanga, amene amakonza njinga m'shopu ina ku Joni. Akuti kumeneko njinga zoterezi amatsikira nazo mapiri. Matayala onenepa ngati a njinga yamoto, masipiling'i kutsogolo ndi pakati.

Chisoticho si chipewa wamba. Chikuphimba mutu wonse, makutu, masaya, ngakhale chibwano chili ndi kampanda kake. Kwangotsala kazenera ka maso.

Cholinga ndi ichi: Loweruka, ine ndi Saidi, mtsetse wa Gwetsangolo, kuchokera ku minda ya chinangwa kumtunda mpaka kumadimba a mpunga a ku Chia. Tinautsika komaliza tili anyamata a kabudula, pa njinga yakuda ya bambo ake, ine pampando iye pakaliyala, buleki chidendene. Lamulungu Saidi akusamuka. Shuga wamuyika chifunga m'maso, ndipo chimwalirire mkazi wake akukhala yekha. Mwana wake Amina akudzamutenga kupita ku Mangochi. Iye akuti akungokapuma. Koma mbuzi wagulitsa kale.

Malangizo a Mada pafoni:
– pukusani mutu, chisoti chisagwedezeke
– masaya afinyike pang'ono, ngati mwana amene wakumana ndi azakhali ake
– lamba wa kuchibwano agwire, pangolowa chala

Lamulo la mayi a Mada: njinga yamangidwa tcheni pamtengo wa mango, kiyi ali pamfundo ya chitenje. "Mwana akavomereza kuti chakukwanani, nditsekula. Ine zaumasiye sindinakonzekere."

Ndavala. Ndikucheukira kumanzere, chisoti chikuyang'anabe kutsogolo. Mdima! Ndikununkhiza siponji.

Palibe kanthu. Sabata ndi yaitali.

LACHIWIRI

Mada akuti ndiyeze mutu, tepi idutse pamwamba pa nsidze. Tepi pano ili ndi a Mwase okha, atelala a pakhonde la golosale.

A Mwase ayeza. Ayang'ana tepi. Ayezanso. Avula magalasi.

"Aphunzitsi, masamu onse aja mumawasunga pati?"

Pakhonde pali anthu ogula sopo. Onse afuna kuona nambala. Mayi wina akuti mwana wake wa sitandade 5 andiposa. Ndikuseka nawo, nditani nanga.

Izi si zachilendo. Kusukulu ankanditcha Kamtedza, ndipo amene anayambitsa dzinali ndi Saidi yemweyo. Iye anali Chidzungu. Tikaima pamzere aphunzitsi aakulu ankati tikanagawana bwino pakanatuluka ana awiri abwinobwino. Nthawi imeneyo zinkandiwawa. Lero ndazikumbukira ndili pa benchi ya telala, ndipo ndalakalaka wina atandiitananso choncho pakati pa anthu.

Chisoti ndi cha munthu wa mutu waukulu, basi. Mada akuti m'shopu munali chokhacho. Kubweza ku Joni n'kosatheka, Loweruka lili pafupi.

Zimene ndayesa madzulo ano:
– chipewa chaubweya mkati: chikugwedezekabe
– chipewa ndi thawulo: sichikugwedezeka, koma thawulo likulendewera m'maso
– duku ya mayi a Mada, yokulungiza: yakwana ndithu, koma aseka mpaka kukhala pansi, kenako aitana aneba

Dzuwa la chaka chino! Nyenje zikulira ngati zalipidwa. Mkatimo thukuta likuyenderera mpaka m'makutu.

Mawa tipeza nzeru ina. Sindigonja ndi chipewa.

LACHITATU

Nzeru yapezeka: usufu. Mtengo uli kuseri kwa msika, zipatso zake zaphulika, thonje lake lili mbwee pansi. Mayi anga ankatisokera mapilo a usufu, ndipo fungo lake landibwezera m'kachipinda kathu kakale, ine ndi achimwene kulimbirana mbali yozizira ya pilo. Ndatola thumba lodzaza, ndikuyetsemula njira yonse.

A Mwase asoka timapilo: tiwiri ta m'masaya, kena kakumphumi, kena kakunkhongo. Nsalu ndi zotsalira za yunifolomu ya amvano. Akuti ntchito yotere sanaigwirepo, ndisauze anthu.

Kuvala tsopano ndi nkhondo. Makutu akupindika polowa. Magalasi sakulowa limodzi ndi mutu, ayenera kulowera pakazenera pambuyo pake, mwendo umodzi umodzi. Ndikapuma akuchita nthunzi. Koma chagwira! Ndapukusa mutu ngati wokana mlandu, chili nganganga.

Ndapita nacho kwa Saidi. Ndamupeza pakhonde, kofiya pamutu, wailesi pabondo. M'nyumba makatoni ayamba kumangidwa. Wachisisita ndi manja onse awiri, wagogoda kampanda ka chibwano.

"Kamtedza, ukupita ku Chia kapena kumwezi?"

Ndamuuza kuti Loweruka avale nsapato zotseka. Akuti akukumbukira pamene tinagwera tsiku lija, m'matope a dimba la malemu a Bwanali, ndipo akufuna tikagwere pomwepo.

Madzulo foni ya kanema ndi Mada. Netiweki ikudukaduka. Ine ndikupukusa mutu, chithunzi chaima. "Adadi, pukusani!" Ndikupukusa, mwana iwe! Mapeto ake akuti, "Zili bho." Sindikudziwa ngati waonadi kapena bandulo imamuthera. Sindinafunse.

Kiyi watuluka pamfundo. Mawa ndiyesa pamalo athyathyathya.

LACHINAYI

Tsiku loipa.

M'mawa mayi a Mada andimanga lamba okha. Lamba wake si wodina, ndi wopisa m'timphete tiwiri tachitsulo n'kubwereranso. Akoka ngati akumanga mtolo wa nkhuni.

Njinga ikuyenda ngati bwato panyanja ya bata. Mchenga sukuimitsa, miyala sikumveka. Anthu akundilonjera kapena akunditukwana, sindikudziwa, makutu ali mu usufu. Ndikuyankha onse kuti ndadzuka bwino, mawu akungobwerera kwa ine ndemwe.

Kenaka, njira ya ku Benga, masamba pamsewu. Maliro.

Ndatsika msanga, monga aliyense woleredwa. Chatsala n'kuvula chipewa. Zala zili thukuta, timphete sitikumasuka. Ndikukoka, lamba akulimbirako. Ndikukankha chisoti m'mwamba, makutu akukana. Magalasi achita nthunzi yokhayokha.

Ndaganiza zongodutsa mwaulemu ndikukankha njinga, nditawerama. Kulakwa! Munthu wowerama, nkhope yosaoneka, akuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa siwa. Nyimbo ya amayi yaima. Adzukulu atatu andizungulira. Mmodzi akukuwa pakazenera penipeni: "Bambo, kwanu kulibe maliro? Vulani!"

Ndikuti sichikuvuka. Iwo akumva kung'ung'udza.

Wina wamasula lamba ndi mano. Awiri agwira mapewa, wachitatu wakoka. Phu! Kapilo kamodzi kang'ambika, usufu wauluka pa anthu onse okhala pansi pa mtengo.

"Aa! Ndi aphunzitsi!"

Theka la adzukuluwo ndinawaphunzitsa ndine. Ndipo womwalira ndi a Nabanda, amene ankagulitsa zigumu pachipata cha sukulu zaka zanga zonse. Uthenga unafika kunyumba nditanyamuka kale.

Ndakhala pamaliro mpaka kumanda. Ndapepesa kwa eni mbumba. Iwo angoti, "Mwafika, n'chachikulu." Mkulu wina pambali panga wakhala akuthothola usufu m'ndevu zake mwakachetechete ulaliki wonse.

A Nabanda akanaseka kuposa onse. Ankandisungira chigumu cha m'mphepete, chopsererako.

LACHISANU

Makutu atupa. Chisoti sichikulowa.

Ndachotsa usufu pang'ono: chikulowa koma chikugwedezeka. Ndabwezera: sichikulowa. Ndachotsa mbali imodzi: chikuyang'ana chakumadzulo. A Mwase angondipatsa singano ndi ulusi kuti ndizipanga ndekha.

Masana ndapeza muyeso wake. Masaya afinyika, makutu akupirira. Ndasoka ndekha, zokhotakhota, koma zagwira.

Tsopano kaliyala. Njinga ya ku Joni ilibe pokhala munthu wachiwiri, ndinaziona tsiku loyamba, ndinangoti tidzawotcherera. Wowotcherera wa pamsewu waukulu waigogoda ndi sipanala, wamvetsera, wapukusa mutu. Akuti si chitsulo, ndi zofanana ndi mapoto. "Ndikangoyatsa apa, madala, mubwerera ndi matayala okha."

Njinga yodula chonchi, yosanyamula ngakhale mnzako! Anthu a kumeneko amatsika mapiri okhaokha?

Sindibwerera m'mbuyo. Ndabwereka njinga ya kabaza kwa a Phiri, aneba. Yakuda, yolemera, kaliyala wa khushoni, mabuleki ndayesa ndekha. Kunena zoona ikufanana kwambiri ndi ya bambo ake a Saidi, mpaka belu lake losalira. Mayi a Mada ayizungulira kawiri, afinya matayala, avomera. "Bola chisoti."

Saidi wauza anthu onse kumzikiti, pa mapemphero a Ijuma. Akuti ena abwera kudzaonerera. Amina wafika madzulo ndi minibasi, ndamuona akutsitsa zikwama zopanda kanthu.

Zokonzekera mawa:
– madzi
– mafuta odzola m'makutu
– mtima

LOWERUKA

Takwera m'mamawa, dzuwa lisanakwiye. Ine ndikukankha njinga, Saidi wagwira mkono wa Amina, mayi a Mada pambuyo ndi ambulera. Pamwamba tapeza madoda angapo a kumzikiti atakhala kale pachulu.

Mtsetse uli pomwepo. Wafupika, kapena ndine ndatalika. Kumunsi madimba ali gwa, kudikira mvula, ndipo madzi a Chia akunyezimira.

Ndadzola mafuta. Ndavala. Magalasi alowa. Ndapukusa mutu pamaso pa mboni zonse: osagwedezeka ngakhale pang'ono! Madoda awomba m'manja. Saidi wakhala pakaliyala, wandigwira m'chiuno.

Ndiye Amina, mwaulemu wake wonse, atapinda mawondo: "Pepani amalume. Nanga ababa avala chiyani?"



Sabata yonse ndakhala ndikuyeza mutu umodzi. A Mwase sananene. Mada sananene. Ine, mphunzitsi wa masamu, sindinawerenge mitu.

Ndavula, ndati avale Saidi. Sichikulowa. Ndathothola timapilo tanga tonse, ntchito ya masiku atatu, ndataya pansi. Wavula kofiya, wavala. Chalowa ngati anachiumbira pamutu pake! Masaya ofinyika bwinobwino, lamba pangolowa chala. Chidzungu!

Mayi a Mada: "Ndiye wanuwo ndi mwala?"

Saidi akuti ndivale ine, woyendetsa ndiye amayamba kugwa. Ine ndikuti avale iye, sakuona pogwera. Amina akuti pasakwere munthu wopanda chisoti. Mayi a Mada akuti mwanayu waleredwa bwino. Doda wina akuti tidule pakati.

Takangana mpaka mthunzi wa chulu watha.

Tatsika wapansi. Ine ndagwira mahandulo, Saidi wagwira kaliyala, chisoti chili kumutu chifukwa wakana kuvula. Amina ndi mayi a Mada atsalira dala kumbuyo. Pa khona ya mtengo wa mkuyu wayamba kukuwa mkatimo ngati tsiku lija: "Chidendene, Kamtedza! Chidendene!" Ndakwekweretsa nsapato mufumbi. Mbuzi zatiyang'ana.

Mtsetse umene tinautsika kale ndi mpweya umodzi watitengera masana onse. Wandifunsa chilichonse: ngati mkuyu udakali ndi nthambi yokhota ija, ngati denga la a Bwanali lidagwa, madzi ali mtundu wanji lero. Ndamuuza zonse. Zina ndakongoletsako.

Pa dimba lija wakhala pansi yekha, pang'onopang'ono, n'kugona chagada m'zibuma. Akuti wagwa. Ndagona pambali pake.

LAMULUNGU

Kutchalitchi ndapita mapemphero oyamba kuti ndipeze minibasi isananyamuke.

Katundu: makatoni, matiresi, wailesi, thumba la mpunga. Chisoti ndamupatsa Saidi. Alibe njinga, ndipo sadzakweranso. Amina wayamba kunena kuti malo ndi ochepa, kenaka wandiyang'ana n'kusiya. Kondakitala akuti chimenecho n'chokhala pamiyendo.

 Saidi wandigwira mutu ndi manja awiri, monga anagwirira chisoti Lachitatu, ngati akufuna kusunga muyeso wake. "Kadakali komweko," watero. Minibasi yanyamuka asanamalize kukhala bwino.

Njinga ya a Phiri ndabweza. Mada waimba, akuti apeza chisoti chaching'ono, mwina cha ana, atumiza mwezi wamawa. Ndati atumize, zikomo.

Makutu akuphwa. Madzulo ndadutsa kwa Saidi mosaganiza, mapazi anangondipititsa. Pakhonde pasesedwa. Ndaima pang'ono, ndati odi, kenaka ndabwerera kunyumba.