Magiya a Changu

Lolemba
Motoka yangayi ndi ya otomatiki, koma giya imalowa ngati ikuyamba yapempha chilolezo. Pa roboti ya ku Parklands ndapitiriridwa ndi minibasi yodzaza, kondakitala akundibayibitsa. Manyazi! Ba Mwape, makaniko wa zamagetsi, akuti injini ilibe mlandu, waulesi ndi kakompyuta ka giyabokosi. Amakakonza ndi laputopu, motoka n'kumachita ngati ya mpikisano. Mkazi wanga, Amake Tamara, sindimuuza.

Lachiwiri
Ba Mwape alumikiza chingwe pansi pa chiwongolero. Pulogalamu yake ili m'chinenero choti tonse awiri sitichidziwa. "Ba bosi, apa timangodina pobiriwira." Adina.

Lachitatu
Ikuuluka! Kungoti giya iliyonse ikulowa ndi chibakera kumsana: gu! Zovulala lero:
mazira thireyi yonse
khosi langa
lipisitiki ya Amake Tamara, yafika m'khutu
Akufunsa chavuta n'chiyani. Ndikuti ndi petulo wa masiku ano.

Lachinayi
Azakhali a mkazi wanga aimba foni kuchokera ku Kabushi, ku Ndola. Loweruka kuli chilanga mulilo cha mlamu wanga Esinati, tsiku loperekera zakudya kwa mkwati, ku Nkana West, ku Kitwe. Mapoto akwera motoka yanga. "Tasankha inu apongozi, mumayendetsa mofatsa." Ndavomera. Ndikanati chiyani?

Lachisanu
Ndili kwa Ba Mwape kuti abwezere zakale. Zakalezo sanasunge! "Simunanene, ba bosi." Adinanso pena. Tsopano pa dashibodi payaka kanyali kachikasu. Akuti ndimatepo tepi.

Loweruka
Mapoto asanu okulunga m'zitenje, azimayi atatu kumbuyo akuimba, Amake Tamara kutsogolo. Tikungotuluka mu Kabushi: gu! Ifisashi yonse, ndiwo zotendera zija, pamiyendo pa azakhali, nkhuku pansi pa mpando. Nyimbo zii.
Kenaka motoka yakakamira giya yachiwiri. Ndola mpaka Kitwe pa liwiro la 30, injini ikulira ngati chigayo. Wanjinga ya makala watidutsa potsetsereka, watipatsanso moni.
Foni ikulira, ndipo ili yolumikiza ku masipika. Ba Mwape, motoka yonse ikumva: "Ba bosi, ya mpikisano ija ikuyenda bwanji? Amadamu sanadziwe?"
Ndadula foni msangamsanga. Ku Nkana West tafika 16 koloko, mkwati atakhuta kale mabanzi. Azakhali potsika: "Ena ukalamba umayambira ku imvi. Apongozi athu wayambira ku nzeru."

Lamulungu
Makiyi ali m'chikwama cha Amake Tamara. Kutchalitchi tapita wapansi, iye patsogolo, ine pambuyo. Masana onse ndili m'motoka ndi bulashi ndi sopo, koma nsinjiro zalowa mpaka m'mabowo a malamba. Agalu atatu a aneba akhala pachitseko kundiyang'ana. Ndawatsegulira. Akutsuka bwino kuposa ine.