Injini Yopanda Chivundikiro

Amene akuti ndikunama atule chimanga chake pansi, abwere andiyang'ane m'maso. Mwaima pamzere wa chigayo cha pa Chitakale pano mukutama kainjini kachifuwa aka, koma injini yoyamba kulira patsinde pa Chambe ndinailiza ndine, Nalikata, mkazi wachiwiri wa malemu aMukhito, nkhondo ya Jeremani isanabwere. Mukumva?

Tinali titangowoloka Muloza kuthawa Apwitikizi, ndipo mzungu wina wocheka mkungudza, amene tinkamutcha Chipewa, anatilola kumanga pamalo pake. AMukhito anali kapitawo wa amtengatenga. Iwo ndi amene anakatenga injini ya macheka ku doko la Chiromo, yochokera ku Jeremani, ili zidutswazidutswa, ali ndi anthu makumi anayi, kapena mazana anayi, ayi, anali anayi okha koma akuluakulu.

Atatsegula mabokosi, Chipewa anagwira pakamwa. Injini imene iye ankaidziwa inali ngati mtondo: munsi umodzi wachitsulo ukulowa ndi kutuluka, kumapeto kuli chivundikiro chotchinga moto. Koma iyi inali chitsulo chobooka mbali zonse ngati nsungwi, minsi iwiri, chivundikiro palibe. Pepala lofotokoza linali m'Chijeremani, ndipo amene analimvetsa ndi chiswe chokha, poti chinadya theka.

“Kapitawo, mwataya katundu panjira!” anakalipa Chipewa. “Chivundikiro chikapanda kupezeka pofika Loweruka, nyumba zanu ndiotcha, mubwerere kwa Apwitikizi.”

Inu ana simudziwa mbalamatodya, thabwa lija ankatimenya nalo m'manja kutsidyako. AMukhito anali ndi zipsera zake, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Mudzi wonse unabalalika kufuna chinthu chimene palibe anachionapo, wina anabwera ndi chigoba cha kamba, wina mphero, wina belu la ku mishoni, abusa akumuthamangitsa pambuyo, ndipo ine ndinathamanga mpaka ku Chiromo ndi kubwerako madzi amene ndinatereka asanawire, ndinapisa dzanja m'kamwa mwa ng'ona iliyonse ya mu Ruo, ndinanyamula phiri la Chambe ndi dzanja limodzi n'kusuzumira pansi pake, ndikulibwezera ndinalakwitsa pang'ono, n'chifukwa chake mbali ina n'chiphompho mpaka lero. Pitani mukaone! Chivundikiro osapezeka. Kapena tinachipeza n'kuchitayanso, ndani akanachizindikira?

Loweruka m'mawa tinati tisinje kamba wa paulendo, ine ndi mkazi wamkulu, aMwanjiwa. Mtondo wathu unali utabooka pansi chifukwa cha nkhonya zanga. Ndiye ndinaugoneka, chimanga pakati, iwo ndi munsi uku, ine ndi munsi uko, tikugunda pamodzi: gu! Chimanga chinasanduka ufa nthawi yomweyo, ufa unagwira moto, minsi inatikankha, aMwanjiwa anakagwera ku Chinakanaka, ine kumbuyo kwa nkhokwe.

Basi nzeru yabwera! Tinapita kwa Chipewa, anthu atasonkhana kale, mitolo ili pamutu. Ndinamuuza kuti: munsi wina lowetsani uku, wina uko, iyang'anizane. Ikakumana pakati mpweya ufinyika, mafuta ayaka, ikankhana. Pobwerera, munsi wina utsegula timabowo totulutsa utsi, unzake utsegula tolowetsa mpweya watsopano, koma wa utsiwo utsogoleko pang'ono, monga wamkulu pakhomo. Ikakumananso, motonso. Palibe chatayika. Munsi uliwonse ndi chivundikiro cha unzake.

Chipewa anavula chipewa, chimene sichinachitikepo, tinapeza kuti ali ndi dazi. Anamanga monga mmene anamvera, anapukusa, injini osalira, anapukusanso, osalira, ine ndinangoipatsa khofi limodzi, inabangula mpaka anyani a pa Chambe anasamukira ku Zomba, macheka anacheka matabwa a tchalitchi zitatu ndi mithunzi yake yomwe, ndipo utsi wa tsiku limenelo sunachokebe, ndi uja mumautcha chiperoni. Mukumva? Nyumba sizinapse. AMukhito anatula mtolo, anakhala pansi, napempha madzi akumwa.

Iwe wa nsalu yobiriwira, ukuseka chiyani? Ukuti mtsikana wakumudzi akanalankhula bwanji ndi mzungu? Chabwino. Poti aMwanjiwa anapita kale, ndinene. Tsiku lija ine sindinatsegule pakamwa. Ndinali mtsikana wamanyazi, wopanda mwana, amene akazi a pachitsime ankanong'onezana ndikamadutsa, ndipo ndinabisala kumbuyo kwa aMwanjiwa ndikuluma nsonga ya nsalu. Iwo ndi amene anayala timitengo tiwiri mu nsungwi, nafotokoza zonsezo m'Chilomwe, kalaliki wa Chipewa akumasulira. Chipewa atafunsa kuti nzeruyi ndi ya yani, anandikokera kutsogolo pang'onopang'ono, dzanja lawo lili pamsana panga.

“Ndi ya mng'ono wangayu, bwana. Ndi wamanyazi chabe.”

Kuyambira tsikulo ku chitsime ankandipatsa malo. Za timabowo tija ndinachita kuloweza kwa iwo, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti utsi umadziwa bwanji khomo lake. Koma phiri ndinanyamula ndine. Sunthani, thumba langa lipite kutsogolo.