Tiyi wa Mayi Nachisale ndi Mlomo wa a Dzimbiri

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo amene angakuuzeni kuti ndi wa makedzana sanawaone a Dzimbiri. Ine ndinaphunzitsa nawo sukulu imodzi kuphiri.

A Dzimbiri anali mphunzitsi wa Sitandade 7, munthu wachidwi ndi chilichonse koma wosamva yankho mpaka kumapeto. Mkazi wawo ndi ana ankakhala kuchigwa, ulendo wa maola anayi panjinga. Zaka zitatu akupempha kuti asamukire kusukulu ya kumeneko, ndipo chinangotsala n'kuti ahedi a sukuluyo, mayi Nachisale, asayine kalata yowalandira.

Chaka chimenecho sukulu za m'dera lathu zinalandira matabuleti. Anatiitana kusukulu ya mayi Nachisale kuti tikaphunzire kugwiritsa ntchito chikalata chimodzi cha pa intaneti, momwe aphunzitsi onse a Sitandade 7 azilembamo maphunziro awo, ana n'kumawerenga m'kalasi. Aliyense anabwerekedwa tabuleti ya pasukulupo, n'kulowamo ndi dzina lake.

A Dzimbiri anaitembenuza, anaigwedeza pafupi ndi khutu, kenaka anakweza dzanja.

"Pepani achimwene, mawu tikulembawa akumakhala pati? Kanthuka n'kopyapyala ngati mbale."

"Sakhala m'menemo, bambo," anayankha a Mwalure, amene ankatiphunzitsa. "Amasungidwa pa intaneti, ndiye aliyense amene..."

"Ndamva, ndamva," anatero a Dzimbiri, maso ali pakhomo pomwe pankalowa ketulo.

Mayi Nachisale anaimirira kuti atilandire ndi mawu awiri. Mawu awiriwo anatha ola. Tiyi anazizira, ndipo kunena zoona anali woti masamba anangodutsamo. A Dzimbiri pakamwa panawayabwa, koma kunong'ona kukanamveka. Anatsegula chikalata chija, pansi pa phunziro la nthaka, n'kulemba kuti andionetse ine:

"Tiyi wa mayi Nachisale ungawerengeremo nyuzi pansi pa kapu. Akayamba kulankhula, nkhuku zimakalowa m'khola asanafike pa mfundo."

Ndinaseka, sindikana. Ndinawauza kuti afufute.

"Musavutike," anatero. "Ndikazimitsa, zafera momwemo. Ndani angadziwe kuti mwa matabuleti makumi atatu yanga inali iti?"

Anaizimitsa, anaiika pansi penipeni pa bokosi, n'kusanjikapo zinzake. Potsanzika anagwira dzanja la mayi Nachisale ndi manja awiri, mawondo atapinda, akuyamikira tiyi.

Lolemba m'mawa, kwathu kuphiri, ndinamva a Dzimbiri akundiitana. Ndinawapeza pakhomo la kalasi atanyamula tabuleti ya sukulu yathu, nkhope ili gwa. Mawu aja anali pompo, pansi pa phunziro la nthaka.

"A Kaphuka, tandiuzeni. Ine ndapalasa maola anayi, ndawoloka mtsinje njinga ili paphewa. Awawa adzera njira iti?"

Ndinawafotokozera kuti chikalatacho n'chimodzi, chilichonse cholembedwa kuchigwa chimaoneka kuphiri. Munthu wina akanafufuta msangamsanga n'kukhala chete. A Dzimbiri chidwi chinawagwira.

"Ndiye kuti ndikalemba kuno, zitsikanso kuchigwa? Sizingatheke. Tiyeni tiyese."

Ndisanawagwire mkono anali atalemba kale: "Ngati mawuwa akuyendadi, tiyi uja abwere adzadzikanire yekha."

Tinaima n'kumayang'ana. Posachedwa pamwamba panatulukira dzina la mayi Nachisale, ndipo zilembo zinayamba kubadwa chimodzichimodzi, popanda wogwira. A Dzimbiri anasuzumira kuseri kwa tabuleti.

"Mwadzuka bwanji, a Dzimbiri? Ana anga a Sitandade 7 awerenga mokweza phunziro lanu, ndipo alimva kuposa la nthaka. Mwana wanu Tiyanjane ndiye anawerenga bwino koposa."

A Dzimbiri anafufuta zonse. Mawu aja anabwereranso, pakuti chikalatacho chimasunga zonse zimene zinalembedwapo pamodzi ndi dzina la wolemba, ndipo mayi Nachisale anamvetsera maphunziro a matabuleti aja mpaka kumapeto.

"Musafufute, bambo," zilembo zinapitiriza. "Kalata yanu ili patebulo panga. Koma sindingafune kuzunza munthu ndi tiyi wathu. Khalani konko kumene kuli wabwino."

Ndinawamvera chisoni a Dzimbiri, chifukwa anali atagula kale malata oti akakulitsire nyumba kuchigwa. Anakhala pansi pakhonde, chipewa chili pabondo. Kenaka anandiyang'ana, chidwi chisanawathere.

"Komabe a Kaphuka, mapazi anga ndinasiya ambirimbiri pabwalo la sukulu ija. Bwanji iwo sananditsate?"

Anapalasa njinga ija zaka zina ziwiri, Lachisanu lililonse kutsika, Lamulungu kukwera. Ndipo aliyense wowaona akukankha njinga pachitunda ankauza mnzake kuti: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.