Woyamba Kufika Ndani pa Msika Pano?

Lolemba
Komiti ya msika yandipatsa ntchito! Shedi yatsopano ikufuna dzina la munthu woyamba kukhala pano, ndiye akuti ine, mphunzitsi wopuma, ndifufuze mbiri ndikawerenge Lamlungu. Yankho ndikulidziwa kale: agogo anga a Makawa, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi, amene anachoka ku Mozambiki wapansi. Dzina lawo likhale pa khoma basi.
Zofunika: kope, zolembera ziwiri, jekete.

Lachiwiri
Ndayamba ndi a Namacha, mlonda wakale wa kufakitale ya tiyi. Akuti woyamba ndi agogo awo. Telala wa pakhonde la golosale akuti ayi, ndi ake. Ndikulemba chabe mwaulemu.

Lachitatu
Oyamba kufika akwana asanu ndi awiri! Aliyense anapeza tchire lokhalokha. Aliyense anapha kambuku. Kambuku mmodzi yemweyo, pa mtengo womwewo. Ine mutu ukuwawa.

Lachinayi
Ndagula nthochi kwa mayi Nasiyaya, ndawauzako za kafukufuku. Aseka mpaka kugwira nthiti.
"Aphunzitsi, tchire lake liti? Amuna mukuwatchulawo onse anali akamwini! Anapeza mudzi wa a Nangondo, mayi wofulula mowa. Ankabwera kudzamwa, kenako n'kukwatira ana awo."
Nthochi zake zosapsa bwino.

Lachisanu
Ndabwereranso kwa mayi Nasiyaya, kufunsa za a Makawa okha. Bola ndikanakhala pakhomo.
Akuti ukapitawo unali woona, koma unkathera pa geti ya esiteti. Kunyumba ankafuna kulamula apongozi ngati othyola tiyi, khasu osaligwira. Dzinja lachiwiri anapeza mphasa, chipewa ndi wenzulo zili panja.
Ndafunsa anthu ena atatu. Onse akuidziwa nkhaniyi, ena mpaka nyimbo yake. Zandipweteka, kunena zoona. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana a sukulu kuti ndine mdzukulu wa mwini malo.

Loweruka
Ndikuyesa kulemba kuti "a Makawa anasamuka mwa kufuna kwawo". Mayi a kunyumba awerenga cham'mbali.
"Fufutani. A Nangondo ndi agogo awo a amayi anga. Komanso inu bambo, nyumba mukulemberamoyi ili pa malo a ndani?"
Ndafufuta.

Lamlungu
Ndawerenga, jekete nditavala, thukuta kamukamu. Nditatchula a Nangondo amayi aluluta msika wonse. Zidzukulu za opha kambuku zangoyang'ana pansi. A Makawa ndawapatsa mzere umodzi: "Anakhalapo pang'ono."
Shedi ndi ya a Nangondo. Mayi a kunyumba awakhazika kutsogolo pamodzi ndi a komiti, mpando ndawanyamulira ndine.
Kaya, zili bwino. Mawa ndilawirira kumunda wa apongozi, udzu wakula kumeneko.